Chopereka Chikachoka M'manja Mwathu, Chimayenda Bwanji?

Mpingo uliwonse wa pamalo uli ndi zolipira zake mwezi ndi mwezi, kaya tchalitchi chake ndi chanjerwa zootcha m'tauni kapena chazidina kumudzi. Pali chithandizo cha abusa kapena a bambo mfumu ndi mayendedwe awo, malipiro a mlonda, magetsi ndi madzi kumene zilipo, mkate ndi vinyo wa pa Mgonero, gawo lopita ku likulu, chipepeso pa maliro, ndiponso denga limene limayamba kudontha mvula yoyamba ikangogwa. Zonsezi zimatuluka m'matumba mwa akhristu a pomwepo ndi m'thukuta lawo.

Kale sizinali choncho kwenikweni. Amishoni atakhazikika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera mu 1889, ndalama zambiri zoyendetsera ntchito zinkachokera ku Scotland ndi ku South Africa, ngakhale kuti oumba njerwa anali makolo athu. Maganizo oti kuli ena kutali amene amalipira anatsalira m'mitu mwa ambiri, ndipo mipingo yakhala ikulimbana nawo chibwerere utsogoleri m'manja mwa eni dziko. Kwa Akatolika, maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, la mayiko a kum'mawa kwa Africa, atakumana ku Nairobi mu 1973 anagwirizana kuti mpingo wa kuno uzidzitumikira, uzidzifalitsa ndi kudzidalira pa chuma, ndipo m'zaka zomwezo Ambuye Patrick Kalilombe ankalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe.

Chiphunzitso cha ukapitawo chimayambira pa Masalimo 24:1, pamene timamva kuti dziko ndi zonse zili m'menemo mwini wake ndi Mulungu, ife tangosungitsidwa. Koma pa gome timakonda kulalikira mbali imodzi, ya wopereka. Mbali inayo ndi ya olandira: madikoni kapena atumiki, a msungichuma, a komiti ya chitukuko, abusa. Kukhulupirika kumene 1 Akorinto 4:2 amafuna kwa adindo kumawakhudza onsewa. Kumene akhristu amaona njira imene kwacha yawo yadzera, amapereka osatopa. Kumene saiona, mungawerenge Malaki 3 sabata ndi sabata, mbale izingopepukabe.

Zopereka sizili mtundu umodzi, ndipo sizipita kumodzi. Pali cha m'mbale cha pa mapemphero, chakhumi, malonjezo a pamwezi amene ambiri amangoti mapuleji, mtulo kwa Akatolika, masika, chothokoza, ndi zosonkha zapadera monga Paper Sunday. Ku Seventh-day Adventist chakhumi sichitsala pa mpingo wa pamalo. Chimatumizidwa chonse ku konferensi, likulu la mipingo ya m'chigawocho, imene imalipira abusa, ndipo mpingowo umayendera zopereka zina. Ku CCAP gawo lina limatsala, lina limakwera ku presbitale ndi ku sinodi monga mwa malamulo a sinodi iliyonse. Mkhristu ali ndi ufulu wofunsa kuti kwawo zimagawidwa bwanji, ndipo mtsogoleri amene amakwiya ndi funso limeneli akudziyikira yekha chikayikiro.

Za chakhumi chenichenicho mipingo imasiyana. Ena amachitenga ngati lamulo logwirabe ntchito, potengera Levitiko 27:30, Malaki 3:10 ndi Mateyu 23:23. Ena amati pangano latsopano silitchula mlingo, koma limafuna kupereka monga munthu wapindulira ndiponso mokondwera, monga zilili pa 1 Akorinto 16:2 ndi 2 Akorinto 9:7. Sitithetsa mtsutsowu pano. Koma mbali zonse zimavomerezana pa chinthu chimodzi chimene ambiri timachiphonya: chopereka chimapatulidwa kunyumba, ndalama zikangolowa, osati kupisa m'thumba nyimbo ya zopereka itayamba kale. Paulo anauza Akorinto kuti aziika padera tsiku loyamba la sabata iliyonse kuti pasadzakhale kusonkha kwa phuma iye atafika.

Kwa wolandira malipiro a pamwezi masamu ake ndi apafupi. Wa K300,000 chakhumi chake ndi K30,000. Funso limene limabwera kawirikawiri ndi loti awerengere ndalama yonse asanadule msonkho ndi penshoni, kapena imene yafika m'manja. Mipingo imayankha mosiyana. Sankhani njira imodzi mutapemphera ndi kumva chiphunzitso cha kwanu, kenako musamaisinthe mwezi ukavuta.

Wa bizinesi ndiye amasokonezeka kwambiri, ndipo ena alowa pansi chifukwa chophunzitsidwa molakwika. Tiyerekeze mayi wapikula tomato wa K40,000, wayendera K5,000, walipira chiphaso cha msika K500, ndipo wagulitsa yense n'kupeza K60,000. Phindu lake ndi K14,500, chakhumi chake ndi K1,450. Akawerengera pa K60,000 n'kupereka K6,000, wachotsa pafupifupi magawo 4 pa magawo 10 a phindu lake. Ulendo wina tomato akaolako n'kupeza K48,000 yokha, phindu ndi K2,500, ndipo akapereka K4,800 ndiye kuti wayamba kudya mpamba. Miyezi ingapo geni yatha, chopereka chathanso. Choncho wa bizinesi azikhala ndi kope lolembamo zimene wagulira ndi zimene wagulitsa, aziwonkhetsa pakutha pa sabata, n'kupatula pa phindu.

Mlimi amakolola kamodzi pa chaka, ndiye kumuyembekezera kuti azipereka mofanana miyezi yonse 12 n'kusadziwa moyo wake. Wakolola matumba 20 a chimanga, awiri ndiwo chakhumi. Ngati feteleza anatenga pa ngongole yobweza ndi chimanga chomwecho, ambiri amayamba achotsa matumba a ngongoleyo, ndipo ife tikuona kuti n'zoyenera. Mpingo wakumudzi umene uli ndi nzeru umapanga bajeti yake podziwa kuti ndalama zimalowa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo Januwale ndi Febuluwale mbale imauma. Ukadya zonse nthawi yokolola, abusa amagona ndi njala pamodzi ndi nkhosa zawo nthawi ya mvula.

Pali malire amene Malemba omwewo amaika. Kukatenga katapila kuti mukaonekere pa tsiku la zosonkha n'kulakwa. 2 Akorinto 8:12-13 amati chopereka chimalandiridwa monga mwa zimene munthu ali nazo, ndipo cholinga si chakuti ena apepukidwe inu mutsale m'mavuto. Pa Marko 7:9-13 Yesu anadzudzula amene ankamana makolo awo chithandizo ponena kuti chumacho achipereka kwa Mulungu. Mlaliki wouza mayi wamasiye kuti afese mbewu ya fizi ya mwana kuti alandire zochuluka akugulitsa chinthu chimene sichigulitsidwa, ndipo mawu amene Petro anayankha Simoni, wofuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, pa Machitidwe 8:20 akumuyenera. Nawonso mchitidwe wokana kuimba pa maliro a nkhalamba chifukwa khadi lake la zopereka lili ndi mipata umapweteka mpingo kuposa ndalama imene ukufunayo. Akulu a mpingo a m'dera kapena m'mlaga amawadziwa okalamba, odwala ndi osowa. Mayina awo alembedwe chaka chikamayamba kuti asamawerengedwe ngati angongole.

Tsopano ndalama yafika m'mbale. Pa 2 Mafumu 12 pali nkhani imene msungichuma aliyense ayenera kuidziwa bwino. Mfumu Yowasi inalamula ansembe kuti azilandira ndalama aliyense payekha n'kukonzera Nyumba ya Mulungu. Pofika chaka cha 23 cha ufumu wake, ming'alu inali chikhalire. Sitiuzidwa kuti wina anaba. Njirayo ndiyo inali yoboola. Wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pafupi ndi guwa. Likadzaza, ankabwera anthu awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, kudzawerenga ndi kumanga ndalamazo m'matumba. Ndalama zokonzera nyumba sankagulira ziwiya, ndipo za ansembe zinkakhala pazokha. Ena amathamangira ku ndime 15, yonena kuti oyang'anira ntchito sankafunsidwa chiwerengero chifukwa anali okhulupirika, n'kuiwala kuti ndalamazo zisanafike kwa iwo zinali zitawerengedwa kale ndi anthu awiri. Paulo nayenso sananyamule yekha zopereka za ku Yerusalemu. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akutchula m'bale wosankhidwa ndi mipingo kuti ayende nawo, kuti pasapezeke wowanena.

Masiku ano zimenezi zimachitika motere. Mbale zikachoka kutsogolo zinyamulidwe ndi anthu awiri, ndipo ziwerengedwe pa tchalitchi pomwepo mapemphero akangotha. Owerenga asachepere atatu, asakhale apachibale, ndipo azisinthana sabata ndi sabata. A msungichuma asakhale mmodzi wa owerengawo; iwo azilandira ndalama yowerengedwa kale. Pa fomu palembedwe kuti ma K5,000 alipo angati, ma K2,000 angati, mpaka pa ndalama zing'onozing'ono, thumba lililonse palokha: chakhumi, cha m'mbale, cha chitukuko. Onse asayine, kope limodzi lipite kwa a msungichuma, lina kwa a mlembi. Envelopu itsegulidwe anthu awiri akuona, ndipo ngati kunja kwalembedwa K10,000 koma m'kati muli K8,000, alembe pomwepo n'kusayina, mwini wake auzidwe mwakachetechete tsiku lomwelo.

Lamulo limene limaphwanyidwa kwambiri ndi lakuti pa zopereka pasatapidwe kanthu zisanakafike ku banki. Mlendo wolalikira akufunika ya thiransipoti, kwaya ikufuna mabatire, wina wangoti tengani pomwepo tilemba mawa. Lolemba chikalata cha ku banki sichikugwirizananso ndi fomu ya Lamulungu, ndipo pakatha miyezi itatu palibe amene angalongosole kusiyanako. Mankhwala ake ndi kathumba kapadera ka zogula zing'onozing'ono, mwachitsanzo K50,000, kamene kamadzazidwanso pokhapokha malisiti a zimene zagulidwa akaperekedwa. Kumene banki ili kutali, ndalama zisungidwe m'bokosi la maloko awiri kapena atatu, makiyi ali kwa anthu osiyana, monga amachitira a banki m'khonde, ndipo bwalo la mpingo ligwirizane mlingo umene ukakwana ndalamazo ziyenera kupita ku banki basi.

Akaunti ikhale m'dzina la mpingo, osayinira atatu, awiri mwa iwo azisayina pamodzi, ndipo pasakhale bambo ndi mayi a nyumba imodzi. Cheke chosalemba kanthu chisasayinidwe ngakhale wina akupita ulendo wautali, chifukwa akatero wasiya wosayina mmodzi yekha. Za Airtel Money ndi Mpamba nazo n'chimodzimodzi. Njirazi zathandiza kwambiri, makamaka chiyambire 2020 pamene misonkhano inachepetsedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo abale amene ali ku Johannesburg kapena ku UK amatha kuthandiza mpingo wa kwawo. Koma nambala ikakhala ya munthu, ndalama za mpingo zimasakanikirana ndi za ndiwo, ndipo mwini nambalayo akamwalira kapena akasamuka zimavuta kuzitulutsa. Nambala ilembetsedwe m'dzina la mpingo, mndandanda wa zolowa ndi zotuluka usindikizidwe mwezi uliwonse, ndipo ndalama yodulidwa potapa ilembedwe ngati chowonongedwa, apo ayi mabuku sadzagwirizana.

Ndalama za mpingo kawirikawiri siziyamba kusowa ndi kuba. Zimayamba ndi kubwereka. Kwagwa maliro kwa a msungichuma, ndalama zili m'nyumba, atengako ndi mtima wonse wodzabweza pakutha pa mwezi. Kapena mkulu wa mpingo wolemekezeka wabwera usiku kudzapempha kuti amubwereke, ndipo kumukana n'kovuta. Mwezi wotsatira dzenje lija amalikwirira ndi zopereka zatsopano, lipoti limayamba kuchedwa, kenako munthu wabwinobwino amathawa mpingo chifukwa cha manyazi. Malamulo onsewa amateteza munthu ameneyu. Bwalo likalemba poyera kuti mpingo subwereketsa ndalama kwa wina aliyense, ndipo osowa amathandizidwa kudzera ku thumba la zachifundo, a msungichuma amakhala ndi poyankhira.

Lipoti liperekedwe ku bwalo mwezi uliwonse pamodzi ndi chikalata cha ku banki, ndipo kwa mpingo wonse miyezi itatu iliyonse, m'Chichewa chomveka: tinali ndi zakuti, zalowa zakuti, tagwiritsa ntchito zakuti pa zakutizakuti, zatsala zakuti. Kamodzi pa chaka mabuku aunikidwe ndi anthu amene sali m'komiti ya chuma, kaya akhristu odziwa za maakaunti kapena otumidwa ndi sinodi kapena dayosizi. Koma zimene munthu aliyense wapereka zisalengezedwe ndi mayina. Kutero kumachititsa manyazi osauka ndi kukweza olemera, zimene Yakobo 2:1-4 amatsutsa.

Zopereka za masika zili ndi mavuto akeake, chifukwa chimanga sichisungika ngati ndalama. Thumba lililonse liyezedwe pa sikelo polandira, popeza thumba lotchedwa la makilogalamu 50 nthawi zina limakhala la 43, ndipo pogulitsa anthu adzafunsa kuti enawo apita kuti. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku. Njira yapafupi yoyesera ndi kuthira mchere wouma ndi chimanga pang'ono m'botolo louma lagalasi, kutseka ndi kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso. Chouma chithiridwe mankhwala a anankafumbwe pa mlingo wolembedwa pa paketi, kapena chiikidwe m'matumba a PICS aja a mapulasitiki awiri m'kati, osafuna mankhwala bola amangidwe bwino ndipo asabooke. Matumba asanjidwe pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Zaka zambiri mtengo umakhala wotsika nthawi yokolola n'kukwera chakumapeto kwa chaka mpaka Febuluwale, choncho bwalo ligwirizane msanga kuti matumba angati agulitsidwa liti, angati ndi a kunyumba ya abusa, angati asungidwira osowa m'miyezi ya njala. Ogulitsa asadzigulitse okha, kapena abale awo, pa mtengo wotsika.

Pa chitukuko, Luka 14:28 amati woyamba kumanga ayambe wakhala pansi n'kuwerengera. M'dziko muno muli matchalitchi ambiri amene anaima pa mawindo chifukwa anayambidwa ndi chisangalalo cha tsiku limodzi. Pemphani mmisiri wodziwa kuti alembe zipangizo zonse, ntchito igawidwe m'zigawo: maziko, khoma, denga, pulasitala. Musayambe chigawo ndalama zake zisanakwane, makamaka khoma limene lidzakhale pa mvula lopanda denga. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mipingo imene inkasunga ndalama za malata ku banki inadzuka ikugula ochepa. Malata, zitsulo ndi misomali mungagule msanga n'kusunga motetezeka, zitalembedwa m'buku. Simenti ayi, chifukwa imagwira chinyezi n'kuuma m'thumba pakapita miyezi yochepa. Pokonza Paper Sunday werengeraninso zotuluka: mahema, zokuzira mawu, chakudya cha alendo, mayendedwe a kwaya. Lipoti linene zotsala zonsezi zitachotsedwa. Malonjezo a alendo olemekezeka asawerengedwe ngati ndalama mpaka atafika m'manja.

Nthawi nayo ndi chopereka, ndipo m'mipingo yambiri ndi imene imawonongeka mosawerengeka. Kuphunzitsa Sande sukulu ndi kalasi, kusesa, kuyendera odwala, kuphika pa maliro, kuumba njerwa, kulima munda wa mpingo, zonsezi zikanati zilipiridwe palibe mpingo ukanakwanitsa. Gawo lalikulu amasenza ndi amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika ndi a mabungwe a amayi Achikatolika, kawirikawiri popanda wowerengera maola awo. Vuto lodziwika ndi lakuti anthu omwewomwewo amapezeka paliponse. Mayi mmodzi ali m'kwaya, m'komiti ya chitukuko, ndi mlembi wa amayi, ndiponso wosesa Loweruka; kunyumba ana akudzilera okha. Yetero anamuuza Mose pa Eksodo 18 kuti adzafooka, iye ndi anthu omwe, ndipo pa Machitidwe 6 atumwi anasankhitsa anthu 7 oyang'anira zogawa chakudya madandaulo atabuka.

Chilengezo chakuti onse abwere ku chitukuko Loweruka chimabweretsa anthu 10 omwe aja. Chimene chimagwira ntchito ndi kupempha munthu payekha, ntchito yodziwika, nthawi yodziwika: maola awiri, kawiri pa mwezi, kwa miyezi 6. Kumayambiriro kwa chaka a mlembi alembe luso la mkhristu aliyense, kaya ndi kalipentala, namwino, mphunzitsi, wa zamagetsi kapena wa maakaunti, ndi masiku amene amapezeka. Ntchito zosesa ndi zolandira alendo zizizungulira m'madera, m'milaga kapena m'miphakati, ndandanda yake itapachikidwa poonekera. Ntchito zolemetsa monga kuumba ndi kuotcha njerwa ziikidwe m'chilimwe, osati nthawi yobzala ndi yopalira pamene aliyense ali ku munda kwake. Msonkhano woitanidwa 2 koloko uyambe 2 koloko. Anthu 20 akadikira ola limodzi, mpingo wataya maola 20 a anthu ake.

Pakhalenso kusiyanitsa wodzipereka ndi wolembedwa ntchito. Mmisiri wa mumpingo angapereke tsiku limodzi kapena awiri mwaulere, koma ntchito ya miyezi itatu ndi pamene amadyera, ndipo ayenera kulipidwa mogwirizana ndi pangano lolembedwa. Mlonda ndi wosamalira pa tchalitchi ndi antchito. Malipiro awo asatsike pansi pa mlingo umene boma linakhazikitsa, ndipo asachedwe. Za abusa, Nehemiya 13:10 amafotokoza kuti Alevi ndi oimba atamanidwa magawo awo anabwerera aliyense ku munda wake, Nyumba ya Mulungu n'kusiyidwa. Mbusa amene chithandizo chake chimabwera mwa apo ndi apo amakakamizika kusaka maganyu, kapena kudalira akhristu awiri atatu olemera, ndipo akatero amavutika kuwadzudzula akalakwa. N'chifukwa chake mu bajeti malipiro a anthu amayenera kukhala patsogolo pa matailosi ndi zokuzira mawu zatsopano.

Maudindo onsewa akhale ndi nthawi yothera, zaka ziwiri kapena zitatu monga mwa malamulo a mpingo wanu, ndipo wolowa m'malo ayambe kuphunzira wotulukayo asanachoke. Tsiku lopatsirana, pamaso pa a mlembi ndi mkulu wa mpingo mmodzi, paperekedwe buku la ndalama, mabuku a malisiti ogwiritsidwa ntchito ndi otsala, macheke, chikalata cha ku banki cha mwezi womwewo, mndandanda wa katundu wa mpingo, makiyi ndi foni ya mpingo. Ndalama zimene zili m'bokosi ziwerengedwe pomwepo, onse asayine. Nambala yachinsinsi ya pa foni isinthidwe tsiku lomwelo, ndipo kalata yosintha osayinira ipite ku banki m'sabata yomweyo pamodzi ndi maminitsi a msonkhano umene unasankha atsopanowo.